Pulagi imayamba ndi zala, sipanala imabwera pomaliza

Anthu ambiri amaopa kusintha okha mapulagi oyatsa moto mu injini ya galimoto poganiza kuti ndi ntchito yofuna sukulu. Ine ndikuti chimene chimaononga injini pa ntchito imeneyi si kusadziwa ayi, koma mphamvu. Munthu wamantha nthawi zambiri amaimaliza bwinobwino. Amene amalira ndi uja wodzidalira, wa manja olemera, wofuna kumanga mpaka chitsulo chitalira.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Tsiku langa loyamba ndinangofika kuchokera pa ulendo, injini ikadali yotentha, n'kutsegula boneti. Mapulagi awiri analowa bwino. Yachitatu ndinaiika pa soketi n'kuyamba kupota ndi sipanala osaiyesa kaye ndi zala. Inalimba msanga, ine n'kumati ndi dothi chabe, ndikuonjezera mphamvu. Osadziwa inalowa mopendama ndipo inali kudya mazinga. Mutu wa injini zambiri za masiku ano ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa, pamene mazinga a pulagi ndi achitsulo cholimba. Ziwirizi zikalimbana, wogonja amadziwika kale. Galimoto inakathera kwa makaniko kuti akaike mazinga ena pabowopo, ndipo ndalama imene ndimafuna kupulumutsa inapita kangapo.

Chiyambire tsiku limenelo, lamulo langa ndi ili: injini izizire kaye, makamaka igone usiku wonse. Ndikachotsa koilo (kachipangizo kotumiza moto ku pulagi) kapena waya, ndimayamba ndauzira fumbi ndi mchenga zimene zadzikundikira mozungulira pulagi, chifukwa ikangotuluka, zonsezo zimagwera mu silinda. Yatsopano ndimailowetsa ndi zala zokha, kapena ndimaiveka kapayipi ka labala kumutu kwake n'kumapota kapayipiko. Ubwino wa labala ndi wakuti pulagi ikapendama, kapayipi kamangoterereka, sikangathe kuononga mazinga. Ikapota mofewa mpaka kukhala pansi, m'pamene sipanala imaitanidwa.

Apanso osapsa mtima. Pulagi ya mazinga a 14 mm yokhala ndi washa imamangidwa pa 25 mpaka 30 Nm, ngati muli ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira mu Nm. Ngati mulibe, ikakhala pansi ndi zala muipote pafupifupi theka la kuzungulira kumodzi kuti washa watsopano aphwanyike, basi. Mapulagi opanda washa, aja okhala ndi khosi losongoka, amafuna kachidutswa kakang'ono zedi ka kuzungulira. Ena amapaka girisi pa mazinga kuti mawa isadzavute kumasula. A NGK, kampani yopanga mapulagi, amaletsa zimenezi pa mapulagi awo, chifukwa mazinga ake anakutidwa kale, ndipo girisi amanamiza dzanja, umapitirira muyezo uli osamva.

Pogula m'pamene ambiri timanamizidwa ndi maso. Mapulagi awiri akhoza kufanana ngati mapasa koma wina n'kukhala wa mazinga aatali, oti pisitoni ikakwera igundepo. Palinso nambala yosonyeza mmene pulagi imatayira kutentha, ndipo makampani sagwirizana kawerengedwe kake: kwa NGK nambala ikamakwera pulagi ndi yozizira, kwa Bosch ndi mosemphana. Choncho zoti "bola ikulowa" sizigwira. Tengani nambala yolembedwa m'buku la galimoto yanu. Soketi yake kawirikawiri ndi ya 16 mm, pa injini zakale 21 mm, pa zina zatsopano 14 mm.

Za mpata wa kunsonga, pamene pamadumpha moto, nazonso zili m'bukumo, nthawi zambiri pakati pa 0.7 ndi 1.1 mm. Mpata ukakula chifukwa chakutha, koilo imavutika kukankha moto, paja imatenga mavoti 12 a batire n'kuwasandutsa masauzande ambirimbiri, ndiye imatha msanga. Koma ngati mwagula mapulagi a nsonga ya chitsulo chotchedwa iridium, chonde musamakanule nsonga yake ndi chitsulo. Ndi yopyapyala ngati singano, imathyoka. Mapulagi amenewa amatha kuyenda makilomita 100,000, pamene wamba aja amatopa cha m'ma 30,000.

Ngati galimoto yanu ndi ya mawaya, sinthani imodzi imodzi. Mukazula onse nthawi imodzi n'kuiwala kuti waya uyu anali pati, mudzazindikira kuti injini ili ndi dongosolo lake loyatsira moto, 1-3-4-2 pa zambiri za masilinda anayi, ndipo siimva zopepesa.

Sindikuti galimoto iliyonse ndi yogwira wekha. Injini zina za V6 zimabisa mapulagi atatu kumbuyo, moti umayenera kumasula zinthu zambiri kuti uwafike. Za Subaru mapulagi ali m'mbali, pothina. Zoterozo ine ndimasiyira eni ntchito. Ndipo a dizilo nkhaniyi si yanu, injini yanu siyatsa mafuta ndi moto wa pulagi.

Chimene chimandipweteka munthu akatumiza galimoto ku galaja n'chakuti mapulagi akale amangotayidwa iye osawaona. Chonsecho ndi okhawo amene amakhala mkati mwa moto n'kutuluka ndi uthenga. Ine ndimawandandalika pa kabokosi motsatana, woyamba mpaka wachinayi. Nsonga yotuwa mofiirira ndiye kuti zonse zili bwino. Mwaye wakuda wouma ukutanthauza kuti petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa, mwina fyuluta yatsekeka. Yoyera mbee ngati yapsa ndiye kuti muli kutentha kopitirira. Yonyowa ndi oyilo ikuulula kuti oyilo akulowa mu silinda, ndipo pulagi yatsopano singachize zimenezo, idzangoda nayonso.

Mwezi watha atatu anatuluka ofiirira bwinobwino, koma wachiwiri anali wakuda ndi wonona kunsonga. Galimotoyo imalira bwino ndithu, palibe nyali yochenjeza imene yayaka. Pulagi imeneyo ndaisunga mu kathumba, Loweruka ndikupita nayo kwa makaniko kuti akayeze silinda yachiwiriyo.