Wa madiramu mulipireni, pa siteji ndi pophunzitsa pomwe

Abale anzanga a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, nkhani iyi yakhala ikundidya nthawi yaitali ndiye lero mundipirire, positi italikirapo. Ife timakonda nyimbo koopsa koma munthu amene amagwira nyimboyo kuti isagwe, wa madiramu uja amakhala kumbuyo kwenikweni kwa siteji pafupi ndi mawaya, timamutenga ngati wangobwera kudzaperekeza anzake. Akati ayambe kuphunzitsa ana kuti apezeko ya ndiwo timatinso aaa, zimenezo n'zolipiritsa? Mesa ndi mphatso ya Mulungu imeneyo? Kaganizidwe kameneka ndi kamene ine ndikukana.

Kwa amene simuzitsata bwino, si wa madiramu aliyense ali ndi bandi yake yokhazikika ayi. Alipo ena amayendera maganyu, anzathu a m'tauni amati a session. Lachisanu ali mu situdiyo ku Lilongwe kujambula ndi mayi wa nyimbo zauzimu, Loweruka ali pa ukwati pa Ntcheu boma, Lamulungu m'mawa ali kutchalitchi, madzulo ake ali kumbuyo kwa mnyamata wa reggae amene sanakumanepo naye chibadwire. Nyimbo amamutumizira pa WhatsApp usiku, mulu wonse, ati mawa ubwere utazidziwa, rihesala kulibe chifukwa holo ndi yolipira. Ndiye munthu amachezera ndi ma headphone kumalemba pa kapepala kuti iyi imayamba ndi besi, iyi ili ndi poima ikatha kolasi yachiwiri, iyi mwini wake amakonda kuithamangitsa ndiye uzimugwira. Pa siteji woimba akalakwitsa anthu amati wasintha sitayilo, wa gitala akalakwitsa ambiri samva n'komwe, koma wa madiramu angophonya kamodzi kokha, ngakhale agogo amene amavina kumapeto kwa tenti amaima n'kucheuka.

Mu situdiyo ndiye muli ntchito ina. Ndinakhalapo pakona mkulu wina wa kwathu kuno akujambula, dzina sinditchula chifukwa sakonda za pa Facebook. Asanaombe kanthu anayamba wakhala pansi kumanga ndi kumasula zikopa ndi kakiyi kake, akagogoda apa amvetsere, agogode apo amvetsere, pilo walowetsa mu kick, ching'oma choomba ndi phazi chija, pa snare, kang'oma kokhala pakati pa miyendo kaja, wasanjikapo kachikwama kake ka m'thumba kuti isamalire mopitirira. Kenako click m'makutu, ka tiki tiki tiki kosatopa kaja, iwe uziyenda nako limodzi osatsogola osatsalira kuyambira poyamba mpaka nyimbo ithe, uku pulojusa amene mwina ndi msinkhu wa mwana wawo akuti "madala tabwerezani, pakati paja mwadzadzapo kwambiri, siyaniko mpata mawu apume". Anabwereza osanyinyirika mpaka shati inanyowa. Nyimboyo inatuluka, tinaimva pa wailesi ndi m'maminibasi, ena munavina nayo pa ma bridal shower. Dzina lawo silinalembedwe paliponse, ndipo ndalama imene anapatsidwa gawo lalikulu linathera pa ulendo chifukwa kondakitala samva zoti ndiwe waluso, madiramu amalipira mipando yawo.

Komanso zidazi sizimera m'dimba ngati mbatatesi ya kwa Bembeke kapena ya ku Tsangano. Zikopa zapulasitiki zija, ma cymbal, mbale zachitsulo zija, ma pedal opondera aja, zonse ndi zochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25% mu Meyi 2022 n'kudzagwanso ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zimenezi inanyamuka nayo, koma imene timamupatsa wa madiramu pa ukwati inatsala pomwe paja, ya sopo. N'chifukwa chake mukayang'anitsitsa seti zambiri za m'matchalitchi mwathu muno muona cymbal yong'aluka ataiboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, pedal atamanga ndi mphira ya chubu cha njinga m'malo mwa sipuling'i, timitengo tosemetsa kwa kalipentala timene timathyoka nyimbo isanafike pakati. Ena mumaseka mukaona zimenezo. Ine ndimaona munthu amene akuyesetsa kuti Lamulungu kukhale nyimbo pomwe komiti yaika kale ndalama yonse ku ma speaker atsopano.

Ndikudziwa ena munena kuti nthawi inasintha, ndipo simukunama. Masiku ano mnyamata mmodzi ndi laputopu ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio atha kupanga chimbale chonse m'chipinda chake chogona, palibe wa madiramu, palibe maiki asanu ndi atatu, palibe aneba odandaula. Pa ukwati wa kiyibodi amangodina batani, biti n'kumadziyendera yokha. Woimba amene wagulitsa mbuzi kuti ajambule nyimbo ziwiri sindingamunene kuti bwanji sunaitane munthu wamoyo. Koma makina alibe maso amwene. Saona kuti kwaya yatopa yayamba kukoka, saona kuti apongozi adzuka akubwera kudzaponya pa perekaniperekani ndiye nyimbo isathe kaye, saona kuti mkwatibwi nsapato yamuvuta tichepetseko liwiro. Zimenezi amaona ndi munthu, amaona ali chikhalire manja ndi miyendo zonse zili pa ntchito zinayi zosiyana. Ngati mwasankha kuitana munthu m'malo mwa batani ndiye kuti mukudziwa kusiyana kwake, nanga polipira mumaiwala bwanji?

Vutoli si la ku Malawi kokha. Ife okonda reggae tonse timadziwa Bob Marley, koma ndi angati angatchule Carlton Barrett, amene ankaomba madiramu mu The Wailers, katswiri amene anatchukitsa kaombedwe ka one drop ija imene anyamata athu amaikopera mpaka lero, kick ndi mphepete mwa snare kugwera limodzi pa biti yachitatu, yoyamba kuisiya yopanda kanthu? Anaphedwa ndi mfuti ku Kingston mu 1987. Ku America kunali Clyde Stubblefield amene ankaimbira James Brown, kachidutswa ka madiramu kamene anaomba kanadzatengedwa ndi oimba hip hop osawerengeka koma iye sankalandirapo kanthu chifukwa sanalembedwe ngati wopeka nawo nyimboyo, anamwalira mu 2017. Kwathu kuno aliyense amadziwa Ma Blacks, amadziwa malemu Evison Matafale, amadziwa Anjiru, koma funsani pa Chimbiya kapena pa Lizulu kuti amene wakhala akuomba madiramu kumbuyo kuja ndani muone ngati dzina la Paul Chokani lituluke msanga. Ndipo ameneyo ndi wa bandi yaikulu yokhazikika, nanga wa ganyu?

COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso la oimba ndi olemba, ilipo kuyambira 1992, lamulo latsopano la zaumwini wa luso linabwera mu 2016, koma pepala limathandiza amene dzina lake lili pa pepalapo. Wa ganyu amene mwangomupatsa m'manja kuseri kwa situdiyo, osalembana kalikonse, nyimboyo ikadzaphulika alibe poyambira. Ndiye ngati zili zoti amalandira kamodzi basi, kamodziko kazikhala kooneka, ndipo dzina lake muzilemba, pansi pa vidiyo ya pa YouTube malo alipo ambirimbiri, simulipira kanthu polemba.

Tsopano za kuphunzitsa, apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri. Pali kaganizidwe koti wa madiramu akayamba kuphunzitsa ana ndiye kuti zake zada, mabandi asiya kumuitana. Ayi ndithu. Maganyu ali ndi nyengo, maukwati amachuluka tikakolola mpaka cha mu Disembala, ikafika Januwale ndi Febuluwale aliyense ndalama ili ku feteleza ndi fizi, palibe amene akuganiza za bandi. Munthu ali ndi banja, landilodi sadikira nyengo ya maukwati. Kuphunzitsa ndi kumene kumamusunga mu luso lake m'malo mopita kukakwera kabaza manja n'kuuma.

Komanso taganizani, oimba abwino amene tinakhala nawo anachokera kuti? Pafupi pompa pa Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978 pansi pa tchalitchi cha Katolika ndipo a Paul Banda sanangoimba, anaphunzitsa anyamata. M'manja mwawo munadutsa mng'ono wawo malemu Lucius Banda amene anatisiya mu 2024, munadutsa a Charles Sinetre, a Coss Chiwalo ndi ena ambiri, mpaka dziko lonse linadzadziwa kuti kuli kaimbidwe ka ku Balaka. Sizinagwe kumwamba zimene zija, panali munthu amene anakhala pansi ndi ana a eni ake kuwaonetsa pogwira. Lero mwana wa ku Mayani kapena kwa Kasumbu akafuna kuphunzira bwinobwino apite kuti? Sukulu ya zoimba ya Music Crossroads ili ku Lilongwe, University of Malawi ili ku Zomba ndipo kumafuna mapointi, ku pulayimale kuli Expressive Arts inde koma mphunzitsi mmodzi ali ndi ana odzadza kalasi mpaka pakhomo, chida choimbira palibe ngakhale chimodzi, ndiye ana amangoloweza kuti ng'oma ili m'gulu la zida zomenya kuti akakhoze mayeso basi. Amene watsala ndi mkulu uja wa seti yomanga ndi mphira.

Ndipo ana a kuno si ovuta kuwaphunzitsa, anakulira m'ng'oma. Za kudambwe sindilowako, ndi za eni ake, koma zimene tonse timaona pa bwalo ndi zoti wa mbalule maso ake amakhala pa mapazi a gule, phazi likasintha ng'oma yasintha, pomwe wa mpanje ndi wa gunda agwira pansi osagwedezeka. Ng'oma ikafooka amakaiwamba pa moto, pakati amamata phula kuti mawu atsike. Palibe amene anangodzuka n'kuomba mbalule, amayamba ndi zing'onozing'ono pambali pa akuluakulu zaka ndithu, ndiye kuti ngakhale makolo athu ankadziwa kuti lusoli ndi lophunzira. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, alendo amatsika mpaka ku Mua kukaona za chikhalidwe za ku Kungoni zimene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ife eni ake mwana akamagogoda pa ndowa timamulanda kamtengo n'kumuthamangitsa.

Ndinaonerera mkulu yemwe uja akuphunzitsa kamtsikana ka sitandade 6 pakhonde pawo. Pa seti sanakakhazikepo n'komwe, anakapatsa timitengo ndi chidutswa cha tayala pa mpando, ati dzanja lamanja, lamanzere, lamanja, lamanja, kenako lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanzere, pang'onopang'ono uku ukuwerenga mokweza. Dzanja lamanzere linkakana, kamtengo kankangogwa, iwo amangotola n'kukabwezera pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, "usafinye mwanawe, kasiye kadumphe kokha". Kakathamanga amaomba m'manja kuti kabwerere. Chimene chinandisangalatsa, atangoti tayesa ya chimtali kamwanako kanaiomba bwinobwino osaganiza n'komwe, mapewa akuvina okha, koma kubwerera ku 1, 2, 3, 4 yowongoka ija kanayambanso kupunthwa. Ndiye ntchito ya mphunzitsi ndi imeneyo, kulumikiza zimene mwana ali nazo kale m'thupi ndi zimene adzafunsidwe mu situdiyo, osapha chimodzi pofuna chinzake. Zimenezi vidiyo ya pa YouTube singakuchitireni, yojambulidwa ku London ndi munthu amene chimtali sanachimvepo. Mwezi utatha bambo ake a mwanayo anabwera ndi zikomo wambiri ndi kathumba ka mbatatesi, pomwe bambo omwewo ya patitayimu ya masamu amalipira pa 1 osachedwa.

Anyamata a madiramu nanunso musaombe m'manja msanga, mbali ina mumadzipha nokha. Kulandira maganyu awiri tsiku limodzi n'kuzimitsa foni. Kufika pa ukwati mkwati atalowa kale, fungo la kachasu lili patsogolo. Nyimbo yamaliro yofatsa iwe ukugubuduza ma roll pa mzere uliwonse kuti atsikana akuone. Kuphunzitsa mwana lero, sabata yamawa osaoneka, ndalama unadya kale. Ndiye choipitsitsa, mnzako wakana ganyu chifukwa ndalama yachepa iwe n'kuzembera kuseri kukavomera theka lake, mawa ukudabwa kuti bwanji mitengo sikwera. Amene amaitanidwa kawirikawiri si amene amathamanga manja kuposa onse ayi, ndi amene amafika nthawi yabwino, nyimbo atazidziwa, n'kuomba zimene nyimboyo ikufuna.

Kwa a makomiti a maukwati ndi a matchalitchi, pempho langa ndi laling'ono. Mukamalemba bajeti, pamene mwalemba keke, madeko, wa vidiyo ndi MC, lembaninso oimba zida aliyense ndi mtengo wake, osati kupatsa mtsogoleri wa bandi envelopu imodzi kuti akaona yekha. Gwirizanani mtengo lisanafike tsiku, theka mutumiziretu pa Mpamba kapena Airtel Money kuti munthu akwere ndi katundu wake, ndipo chakudya adye nthawi imene ena akudya osati mapoto atatsukidwa. Ngati mpingo ulibe ndalama yolipira wa madiramu Lamulungu lililonse, chabwino, ambiri amatumikira mwa kufuna kwawo, koma timitengo ndi zikopa gulani ndinu, ndipo akamaphunzitsa ana a Sande sukulu Loweruka makolo asonkhe kangachepe mwezi ndi mwezi. Amene muli ndi seti imene ikungodya fumbi m'sitolo ya tchalitchi chifukwa woomba anapita ku Joni, nenani m'makomenti muno, ana ofuna kuphunzira alipo ambiri ndipo wowaphunzitsa ndikumudziwa.