Wosavota asatisokose

Lero m'minibasi yochokera ku Area 25 mnyamata wina wandikwiyitsa kwabasi. Kuyambira pa siteji mpaka m'tauni kumangobwebweta: shuga wakwera, mafuta kulibe, ntchito kulibe, aphungu onse ndi mbava. Mayi wina wakumbuyo anamufunsa kuti, "Nanga achimwene, munavota?" Iye kuseka, "Ine? Chibadwire chala changachi sichinadetsedwepo ndi inki." Monyadira, ngati wapambana mpikisano!

Tamverani. Wosavota asatisokose. Tsiku losankha unagona, lero ukufuna tikumvere ukulira? Wakana kuima pamzere tsiku limodzi, ndiye uime pa mzere wa mafuta zaka zisanu uli duu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Musati "ndidzavota ulendo wamawa". Bodza. Kuvota ndi chizolowezi, kusavotanso ndi chizolowezi. Akatswiri a zandale omwe pa nthawiyo anali ku yunivesite ya Yale ku America, Alan Gerber ndi Donald Green, anatuma anthu kukagogoda khomo ndi khomo mumzinda wa New Haven mu 1998 kulimbikitsa anthu kukavota. Amene anakokedwa n'kukavota chaka chimenecho anabwereranso mochuluka pa chisankho cha 1999. Phazi likaphunzira njira ya kumalo oponyera voti limapita lokha. Lako iwe ukuliphunzitsa kukhala pakhonde. Ukajomba uli ndi zaka 18, udzajombanso uli ndi 23, udzajombanso ndevu zitayera, ukudandaulabe.

Ndipo muli ambiri. Kuno ku Malawi, mu 1999 anthu pafupifupi 94 mwa 100 alionse olembetsa anavota. Pa chisankho chobwereza cha 2020, chomwe anthu anachimenyera mumsewu ndi kukhoti, anatsika kufika pafupifupi 65. Anthu oposa 2 miliyoni analembetsa bwinobwino koma osapita. Anali kuti? Inde mizere ndi yaitali, inde andale amanama, ndamva. Komabe gogo wa ndodo amafika mamawa kusanache. Iwe wa miyendo iwiri yolimba uli pa WhatsApp. Gogoyo ndiye akukusankhira mtsogoleri, iwe ntchito kutukwana. Ukati "onse ndi amodzi", amene akuseka ndi wakuba yemweyo, poti anthu ake a nsalu ndi matisheti sajomba.

Komanso inu ovotanu musadzimve. Kuyambira 1994, pomwe kumpoto kunapita kwa Chihana, pakati kwa Kamuzu, kumwera kwa Muluzi, ambiri mumangoyang'ana kuti munthuyo kwawo ndi kuti. Mfundo simufunsa. Wa chipani china akanena zoona mumati wagulidwa, wanu akaba mumati onse amaba. Abale enieni osalankhulana pamaliro chifukwa cha mtundu wa nsalu! Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa anthu, koma misonkhano ikatha mumakhamukirabe kugalimoto manja ali m'mwamba. Manyazi mulibe?