Mukaika injini ya turbo mu pikapu yakale, rediyeta yakaleyo isatsalemo

Anzanga ambiri kuno ku Kasungu akuchotsa injini zakale m'mapikapu awo n'kuikamo za turbo, ndipo ndikuona akulakwitsa pomwe ine ndinalakwitsa. Ndalama zonse zimathera pa injini, mawaya ndi malipiro a makaniko. Ikafika nkhani ya rediyeta mumangomva kuti "ili bwino iyi, sikudontha." Inde sikudontha. Koma kodi inapangidwira injini imeneyo?

Yanga ndi Hilux yakale, ija inabwera ndi 3L, injini ya dizilo ya malita 2.8 yopanda turbo. Yanditumikira zaka zambiri: mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, feteleza kupita ku Chamama, maliro, maukwati, zonse. Itatopa ndinakagula ku Lilongwe injini ya 1KZ yochoka mu galimoto ya Toyota Surf, ya malita 3.0 ya turbo. Masiku oyambirira ndinasangalala kwambiri. Chitunda chimene kale ndinkakwera ndi giya 2 galimoto ikulira, tsopano ndinkadutsa ndi giya 4 katundu ali phaa. Rediyeta ndinasiya yomwe ija ya 3L. Makaniko anangopinda mapaipi kuti akumane, basi.

Zimene sindinkaziganizira ndi izi. Pa dizilo yense amene injini yawotcha, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, kapena kuposerapo pang'ono, ndi limene limazunguza matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo ndi kutentha kumene madzi ayenera kunyamula kukataya pa rediyeta. 3L imapereka horsepower pafupifupi 90, pamene 1KZ imafika pafupifupi 130. Mphamvu yoonjezerayo siichokera kumwamba. Turbo imakankhira mpweya wambiri mu silinda kuti dizilo wambiri apse, ndiye moto ukakula madzi nawo ntchito imawakulira. Turbo yomweyo imatenthetsanso oyilo, ndipo oyiloyo amakazizirira m'madzi omwewo. Rediyeta imene inkangokwanira pa 90, komanso yatha zaka zambiri ikutsekeka mkati, mwaipatsa ntchito ya 130.

Chimene chimapusitsa n'chakuti vutoli silionekera msanga. Ine ndinaika injini mu Juni, kukuzizira. Kuyenda pa boma, kupita ku Santhe n'kubwerera wopanda katundu, geji yoonetsa kutentha kwa injini ili pakati osagwedezeka. Ndinkauza aliyense kuti zayenda bwino.

Zinadziwika mu Okutobala. Ndinkachokera ku Nkhotakota ndi matumba a mpunga pa msewu wa M18, dzuwa lili paliwombo. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa kuti mukachoka kunyanja mumangokwera, kudutsa m'nkhalango ya nyama ija, kuchoka pa mamita osafika 500 mpaka kupyola 1,000. Liwiro limakhala lochepa, mphepo yolowa kutsogolo yochepa, phazi lili pansi, turbo ikuimba mosalekeza. Geji inakhala pakati kwa nthawi yaitali, kenako mwadzidzidzi inathamangira kofiira. Pamene ndimapeza poima, madzi anali akubwata. Ndinadikira kuti izizire, ndinathira madzi, ndinafika kunyumba usiku. Patatha masabata awiri madzi anayamba kuchepa popanda podonthera, m'mawa utsi woyera, ndipo ndikatsegula rediyeta injini ikulira ndinkaona thovu. Hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda a injini, inali itang'ambika.

Apa mpamene eni 3L ndi 5L (inzake yopanda turbo) tiyenera kusintha maganizo. Injini zimenezo hedi yake ndi yachitsulo cholemera, imapirira nkhanza. Tinazolowera kuti ikabwata timaima pansi pa mtengo, kuthira madzi, ulendo n'kupitirira. Hedi ya 1KZ ndi ya aluminiyamu, ndipo ikapsa kwambiri kamodzi kapena kawiri imang'ambika pafupi ndi mavavu. Ya 2L-T nayo (injini ina ya Toyota ya turbo), ngakhale ili yachitsulo, imadziwika ndi matenda omwewa. Ndalama imene ndinalipira pa hedi ina, gasketi, mabawuti ndi ntchito ikanagula rediyeta yabwino n'kutsalako zambiri, osawerengera masabata amene galimoto inakhala pa galaja nthawi imene anthu amafuna wowanyamulira feteleza.

Tsopano chimene chandipangitsa kulemba ndi malangizo amene ndikuwamva m'magalaja athu: "Chotsani thermostat, imeneyo ndi ya kumaiko ozizira." Achimwene anga amakaniko, ndimakulemekezani, mumadzutsa magalimoto amene kwina akanatayidwa kalekale. Koma pa ichi sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono. Thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, siipanga kutentha. Imakhala yotseka injini ikadali yozizira, n'kutseguka madzi akafika pa madigiri cha m'ma 82. Pa chitunda cha Nkhotakota imakhala itatseguka kale yonse, ndiye kuichotsa sikukulitsa rediyeta. Choipa kwambiri n'chakuti pa injini zambiri thermostat ikamatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira mkati mwa injini osafika ku rediyeta. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala pululu, ndipo madzi ena otentha amangobwerera mu injini osakazizira. Ndiyeno m'mawa wa mu Julayi injini imachedwa kutentha, imamwa dizilo wambiri ndi kudyeka msanga. Mwangobisa chizindikiro, matenda ali pomwepo.

Chinanso chimene timachipeputsa ndi fani. Pa liwiro la pa M1 mphepo imadzilowera yokha, koma pokwera chitunda ndi giya 2, kapena m'mchenga wa kumidzi, fani ndi imene imagwira ntchito yonse. Fani ya 1KZ ili ndi kachipangizo ka mafuta a silikoni mkati kamene kamaigwiritsa injini ikatentha. Mafutawo akatha, fani imazungulira ndithu, maso amaona, koma siikoka mphepo. Injini yochokera kunja yayenda kale makilomita ambiri, ndiye musaganize kuti kachipangizoko n'katsopano. Komanso chipulasitiki chija chozungulira fani, chimene ambiri amataya chifukwa sichikukwana pa injini yatsopano, n'chimene chimachititsa kuti mphepo idutse mu rediyeta m'malo mozembera m'mbali. Ngati sichikukwana, awotcherera angakupangireni cha malata. Changa n'chotero.

Za madzi ndinena mwachidule. Madzi a pamjigo kwathu kuno ambiri ali ndi mchere. Onani mkati mwa ketulo yanu mmene mwayerera. Zomwezo zimamatirira m'timapaipi ta rediyeta, timene ndi tating'ono kwambiri. Coolant, mankhwala othira m'madzi a rediyeta, si wa chisanu chokha, amateteza ku dzimbiri, makamaka pamene chitsulo ndi aluminiyamu zili m'madzi amodzi. Ndipo chitsekerero cha rediyeta musachione kuchepa. Kuno kumtunda madzi a mu poto amabwata asanafike n'komwe pa madigiri 100, cha m'ma 96. Chitsekerero chabwino cha 0.9 bar chimapanikiza madzi kuti asabwate mpaka kupyola 115. Chikatha labala, mwayi wonsewo wapita.

Geji ya pa dashibodi nayo ndinasiya kuikhulupirira. Imakhala pakati kwa nthawi yaitali ngakhale madzi akukwera, ndipo pa galimoto yosinthidwa injini, sensa ya injini ina ndi geji ya galimoto ina sizigwirizana nthawi zonse. Ndinaika kageji kena koonetsa manambala, ndipo kameneko n'kamene ndimayang'ana pokwera. Kakayamba kukwera ndimabwerera giya imodzi, injini izizungulira mopepuka, fani ndi pampu ya madzi zithamange.

Ndikudziwa kuti ena mundiuza kuti yanu ili ndi rediyeta yakale ndipo yatha chaka popanda vuto. Sindikutsutsa. Ngati ntchito yake ndi kuperekeza ana kusukulu ndi kunyamula matumba asanu pa boma, mwina idzakhala choncho mpaka kalekale. Koma ambiri a ife sitiika turbo chifukwa cha zimenezo. Timaika kuti tinyamule zambiri, ndipo tikamva mphamvu timaonjezeranso matumba. Enanso timaika intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo), chitsulo cha kutsogolo ndi magetsi aakulu, zonse patsogolo pa rediyeta, kuphatikiza njere za udzu ndi fumbi la m'minda zimene zimatseka zipsepse zake.

Panopa ndinaika rediyeta yokhuthala, ya mizere itatu, thermostat yatsopano, fani yokonzedwa ndi coolant. Msewu uja ndaukweranso kangapo ndi mpunga, ndipo manambala amakwera pang'ono n'kuima. Alamu anga ku Nkhamenya apeza kale 1KZ yawo ndipo amafuna kuti iikidwe mwezi uno. Ndawapempha kuti injiniyo iyambe yakhala pa tayala m'nyumba mpaka agulitse soya, kuti rediyeta ndi fani zilowe tsiku limodzi ndi injini. Sanasangalale nazo, koma avomera.