Mapointi pa ulendo waufupi: yambani mwawerengera

Ena amati mapointi a ndege, omwe kampani imakupatsani mukamakwera ndege zake kuti mudzagulire tikiti, ndi bwino kuwathera pa maulendo aafupi, monga wa Lilongwe kupita ku Blantyre kapena ku Lusaka. Nthawi zina n'zoona, koma ife a kuno ku Mchinji tisamangothamangira.

Mapointi amalipira mpando wokha. Misonkho ya boma ndi ya pabwalo la ndege mumalipirabe ndi ndalama, ndipo pa ulendo waufupi misonkhoyo imadya gawo lalikulu la tikiti. Ndiye chitani chonchi: tengani mtengo wa tikiti, chotsanipo misonkho, zotsalazo mugawe ndi mapointi omwe akufunawo. Chitaninso chimodzimodzi ndi ulendo wa ku Johannesburg kapena Addis Ababa, muone pomwe pointi imodzi ikukugulirani zambiri. Musaiwale ndalama ya mafuta kapena minibasi, poti kuchoka pa boma kukafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi ndi makilomita oposa 100. Wa ku Lusaka, ngati sali pachangu, angodutsa pa Mwami n'kukwera basi ku Chipata, mapointiwo asunge.

Pomwe ambiri amagwa nayo ndi pa dzina. La pa akaunti, monga ya ShebaMiles ya Ethiopian Airlines, lifanane ndendende ndi la pa pasipoti. Chilembo chimodzi chikasiyana mapointi akhoza kusalowa. Perekani nambala ya akaunti yanu pogula tikiti, ndipo boarding pass (chikalata chokwerera ndege) musataye mpaka mapointi ataoneka, chifukwa ndiwo umboni wanu pokadandaula.

Mipando yolipira ndi mapointi imakhala yowerengeka pa ndege iliyonse, makamaka mu Disembala, choncho sungitsani msanga. Onaninso pa akaunti tsiku lomwe mapointi anu atherepo ntchito.