Inu oweta mphutsi, khola la ntchentche si dzala ayi

Loweruka lapitali mdzukulu wanga anafika pakhomo panga atasenza beseni, nkhope itagwa. Anali atagula mbewu ya mphutsi za ntchentche zakuda zija, zimene akuzitchula kuti black soldier fly, kwa mnyamata wina amene amadzitcha katswiri pa Facebook, ndipo anamulonjeza kuti pakatha masabata awiri adzakolola mphutsi zonenepa zodyetsa nkhuku zake. Nditavundukula thumba limene anavundikira besenilo, fungo linandibweza m'mbuyo. Munali yakaliyakali timphutsi toyera, tosongoka kumutu, ta ntchentche wamba za m'nyumba, ndipo zenizenizo zinali zowerengeka, zoonda ngati njere za mpunga. Ndalama imene mwanayu anasunga pogulitsa mazira miyezi iwiri inathera m'beseni limenelo.

Lolemba ndinavala jekete n'kupita kukaona kumene mbewuyo inachokera, ndipo zimene ndinaona n'zimene zandilembetsa mawu ano. Pazithunzi pamaoneka poyera, pali mabeseni ondandalikidwa bwino, koma n'chikomekome cha mkuyu. Neti ya khola inali yong'ambika m'malo atatu, penapo anatsekapo ndi jumbo. Mzere wa nyerere unkakwera mwendo wa tebulo mpaka pa timatabwa toikirapo mazira, popanda ngakhale kachitini ka madzi pansi pa mwendowo. Masese odyetsera mphutsi anali chuchuchu kudontha pansi, moti ukafinya m'manja madzi amayenderera mpaka m'chigongono. Khola lenilenilo analiika m'chipinda chamdima kuseri kwa nyumba, moyandikana ndi chimbudzi, ntchentche zili phee pansi ngati zamwa kachasu. Kodi munthu woweta zinthu zimenezi angaiwale kuti sizikwerana popanda kuwala kwamphamvu ngati kwa dzuwa?

Ndinamufunsa mnyamatayo kuti mphutsi za m'beseni ili zinaswa liti. Anati, "Sindikukumbuka bwinobwino, agogo." Ndinafunsa kuti mazira amene watola sabata ino akulemera bwanji poyerekeza ndi mwezi watha. Analibe sikelo. Ndinafunsa za kope lolembamo, anandiseka. Ana inu, mazira a ntchentche imeneyi amaswa pakatha masiku 4, mphutsi imadya kwa masabata awiri kapena atatu isanade n'kusanduka chikwa, ndipo ntchentche ikatuluka imakhala ndi moyo pafupifupi sabata imodzi yokha. Zonse zimayenda ndi masiku. Nanga iwe wosadziwa tsiku, udzadziwa bwanji kuti khola lako layamba kubwerera m'mbuyo? Ukugulitsa “mphutsi za masiku 5” utawerenga masikuwo ndi chiyani? Ntchentche yaikazi imodzi yabwino imaikira mazira oposa 500, ndiye ngati khola lodzaza likukupatsa kachidutswa konga chikhadabo, sukuona kuti pali chimene chalakwika?

Chinandipweteka koposa ndi nkhani ya mbewu. Mnyamatayu amasankha mphutsi zikuluzikulu n'kugulitsa kapena kupatsa nkhuku, ndipo zotsalira, zija zopinimbira zochedwa kukula, ndi zimene amasiya kuti zisanduke ntchentche. Zaka ziwiri zonse sanabweretsepo mbewu ina kuchokera kwina, akungokweretsa zapachibale zokhazokha. Kodi kwanu anakuphunzitsani kudya chimanga chachikulu n'kusunga chofumbwa kuti mudzabzale? Kodi mbuzi mumasiya tonde wodwaladwala kuti ndiye akhale mwini khola? Khola lotere limafa mwakachetechete: ntchentche zimachepa msinkhu, zimaleka kuuluka, mazira amaleka kuswa, kenako mumayamba kunena kuti aneba akulodzani.

Za chakudya ndiye musanene. Poti munamva kuti mphutsi zimadya chilichonse, mwasandutsa mabeseni kukhala kotayira zonse za m'mudzi. Gaga wa chimanga chothira Actellic, momwemo. Makabichi ndi tomato wa kumsika wopoperedwa dzana, momwemo. Zosesa za pabwalo zosakanikirana ndi mabatire a tochi ophulika, momwemo. Nkhuku yafa ndi matenda osadziwika, mwaiponya momwemo, mawa mphutsi zomwezo mukupatsa anapiye zili zamoyo, osaziviika n'komwe m'madzi owira. Chiphe cha m'mabatire monga cadmium chimatsalira m'thupi la mphutsi, mphutsiyo idyedwa ndi nkhuku kapena chambo cha m'dziwe, ndipo mapeto ake ndi mbale ya mwana wanu. Mukufuna adzakuuzeni ndani? Mayiko a ku Ulaya analola chakudya chopangidwa kuchokera ku tizilombo kwa nsomba mu 2017, kwa nkhuku ndi nkhumba mu 2021, koma mpaka lero amaletsa kuweta tizilomboto pa ndowe kapena pa zotsala za m'malo odyera. Ku Kenya, kumene kuli bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi, anakhazikitsa malamulo a chakudya chimenechi mu 2017. Inuyo ndiye anzeru kuposa onsewo?

Musaganize kuti kusasamala mbewu ya tizilombo kunayamba kulanga anthu lero. Ku France alimi a mbozi za ulusi wa silika anasauka ndi nthenda yotchedwa pébrine, imene inkayenda kuchokera kwa make kudzera m'mazira, ogulitsa mazira akungofalitsa. Mu 1865 boma linatuma Louis Pasteur ku Alès, ndipo mankhwala amene anapeza sanali a m'botolo: anati gulugufe wamkazi aliyense aikire payekha, kenako ayesedwe pa maikulosikopu, ndipo akapezeka ndi nthendayo mazira ake onse atayidwe. Anthu aja ankayesa gulugufe mmodzimmodzi. Inu mukulephera kungoyang'ana m'beseni m'mawa, kutapa mphutsi 100 n'kuziika pa sikelo, kulemba tsiku pa kapepala n'kumata pambali?

Ndipo inu ogula, nanunso mulibe maso? Mukutumiza ndalama pa foni kwa munthu amene khola lake simunalione, katundu akubwera pa minibasi atatsekeredwa m'chigubu chopanda mpweya, atakhala padzuwa pa depoti tsiku lonse, ndipo mukangolandira mukukhuthulira pamodzi ndi zanu zakale osaziika padera ngakhale masiku ochepa. Mawa nthata zikadzaza khola lonse, chuku chikayera mbuu m'mabeseni, mukulira pa WhatsApp kuti ulimi umenewu ndi wabodza. Soya wakwera, usipa wakwera, alimi a nkhuku akufunadi chothandizira, ndipo inu ndi amene mukuchinyozetsa pamaso pa anthu.

Iwe mnyamata wa kuseri kwa chimbudzi, dzina lako ndalisunga chifukwa cha ulemu wa makolo ako. Umubwezere mdzukulu wanga ndalama zake, usoke neti ija, ugule kope ndi sikelo. Usanachite zimenezo ndisakuonenso ukuitanira anthu maphunziro.