Galimoto ya turbo ndi petulo wa octane yokwera: mmene ndikuonera kuno ku Blantyre

Anzanga a magalimoto a turbo, makamaka inu amene mwangolandira kumene Golf TSI kapena Subaru kudzera ku Dar es Salaam, funso lanu lija lakuti kodi petulo wa octane yokwera ndi woyenera kutayirapo ndalama ndaliona likuzungulira m'magulu a WhatsApp. Ine yankho langa ndi lakuti inde, ngati injini yanu anaipangira petulo wotero. Koma kuno kwathu funsoli timalifunsa mochedwa, galimoto itaima kale pakhonde. Nthawi yake inali tisanatumize ndalama ku Japan.

Ambiri amaganiza kuti petulo wa octane 95 ndi wamphamvu kuposa wa 91, ndiye ukathira galimoto iliyonse iziuluka. Ayi ndithu. Mphamvu ya mu lita imodzi imakhala pafupifupi yofanana. Nambalayo imangonena za kupirira kwa petulo akapanikizidwa pamalo otentha. Mu silinda, mpweya wosakanikirana ndi petulo umayenera kuyaka pulagi ikathetheka, moto n'kumayenda mwadongosolo. Kutentha ndi kupanikizika zikachuluka, mbali ina ya mpweyawo imaphulika yokha moto usanafikeko. Apo m'pamene mumamva injini ikulira ngati mwaponya timiyala m'chitini, ndipo zikapitirira pisitoni ndi maring'i ake ndi zimene zimavulala. Ntchito ya turbo ndi kukankhira mpweya wambiri mu silinda, tsono injini yotere imakhala pafupi ndi malire amenewa kuposa ya Corolla wamba.

Pali ena amene amati, "Ine ndakhala ndikuthira petulo yemweyu chaka chonse, palibe chachitika." Sakunama. Magalimoto a masiku ano ali ndi kachipangizo komvetsera kugogoda kuja, ndipo kakangomva, kompyuta imachedwetsa kuthetheka kwa pulagi, pena n'kuchepetsanso mpweya wa turbo. Injini imapulumuka, koma mphamvu imatsika ndipo mafuta imamwa ochulukirapo. Mu mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway madzulo simungazindikire kanthu. Mudzazindikira tsiku limene mukukwera phiri kuchokera ku Chikwawa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumbuyo kuli anthu ndi matumba a mpunga, mukufuna kupitirira thiraki yodzaza shuga wa ku Nchalo.

Amene munapitako ku Johannesburg munaona kuti pa pampu pali 93 ndi 95, pomwe kumadera a m'mbali mwa nyanja monga Durban wodziwika ndi 95. Chifukwa chake n'chakuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndiye injini yopanda turbo sipanikiza kwambiri ndipo 93 imaikwanira. Blantyre nayo ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000, choncho mwayi womwewo tili nawo. Koma mwayiwu ndi wa a Corolla ndi a Sienta. Turbo imabwezera mpweya umene phiri lachotsa, ndiye kukhala pamtunda sikuipatsa mpumulo weniweni. Mfundo imeneyi sindiimva kawirikawiri m'magalaja.

Tsono tibwere pa zenizeni za kuno. Mukaima pothirira mafuta ku Ginnery Corner, ku Limbe kapena ku Chirimba, wothira sakufunsani nambala. Amafunsa kuti petulo kapena dizilo, wa zingati, basi, pa mtengo umene a MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, alengeza. Mkangano wa 91 ndi 93 umene anyamata akuutola pa YouTube ndi wa ku America, komwenso amawerengera mosiyana: 91 yawo ili pafupi ndi 95 ya pa chitseko cha thanki ya Golf yanu. Chimene ife tili nacho, chomwe ambiri amachinyoza, ndi ethanol. Dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo pambuyo pake PressCane inayamba kupanga wake ku Chikwawa, onse kuchokera ku zotsalira popanga shuga. Octane ya ethanol imaposa 100, choncho akamusakaniza amakweza nambala ya petulo. Kuipa kwake n'kwakuti mu lita muli mphamvu yochepa, ndiye makilomita amachepako pang'ono, komanso amakoka chinyezi galimoto ikaima miyezi. Koma pa nkhani ya kugogoda, nzimbe zathu zili mbali ya eni turbo.

Nanga timabotolo tija ta octane booster timene tadzaza m'mashopu a zipangizo za magalimoto? Ine sindingakulimbikitseni. Tambiri timakweza nambala ndi kachigawo kakang'ono chabe pa thanki yodzaza, osafika ngakhale pa nambala imodzi yathunthu, ndipo tina tili ndi manganese amene amasiya utoto wofiirira pa mapulagi. Ndalama imeneyo kuli bwino muisungire oyilo woyenera. Injini zing'onozing'ono za turbo zothira petulo molunjika mu silinda zili ndi vuto lina, loyaka msanga zikamazungulira pang'onopang'ono koma zitalemedwa, ndipo oyilo wolembedwa API SP, muyezo umene unatuluka mu 2020, anaupanga poganiziranso zimenezo. Kayendetsedwe nakonso: pa chitunda musakakamize giya yapamwamba phazi lili pansi. Tsitsani giya, injini ipume bwino.

Choopsa chenicheni kwa ine ndi chigubu. Mafuta akasowa, mizere itafika mpaka kuseri kwa msewu, anyamata a zigubu amatulukira, ndipo simudziwa chimene chili m'katimo. Wina akathiramo palafini kuti achuluke, octane imagwa kwambiri, kufika poti kompyuta ija singathenso kuteteza injini. Galimoto yakale yopanda turbo imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Ya turbo ikhoza kukusiyani pa Kameza ndi bilu yoposa mafuta onse amene mukanathira chaka chimenecho. Sabata yotero ikani galimoto pakhomo, kwerani minibasi, palibe amene adzakusekeni.

Kwa inu amene simunagule, funsani wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha m'kati mwa chitseko cha thanki kapena tsamba la buku la galimotoyo. Ku Japan kuli mitundu iwiri ya petulo, wamba wa pafupifupi 90 ndi wapamwamba woyandikira 100, ndipo si turbo iliyonse imene imafuna wapamwambayo. Timagalimoto ta 660cc tambiri tili ndi turbo koma timayendera wamba popanda vuto. Magalimoto a ku Ulaya monga Golf ndi Polo TSI amalemba 95, ndipo Subaru zothamanga zija za msika wa ku Japan zimafuna wapamwamba. Onetsetsaninso ngati alemba kuti petuloyo ndi wofunika kapena angoti ndi wabwino kuposa winayo, chifukwa pa gulu lachiwirili kompyuta imadzisintha yokha ndipo mumangotaya mphamvu pang'ono. Gulu loyambalo, makamaka ngati mwini wake wakale anasinthitsa kompyuta kuti izithamanga kwambiri, ine ndingalisiye komweko ku Yokohama.