Malata a ku Ukraine ndi timatabwa ta ku Poland

Amene anayambitsa bizinesi yogulitsa malata onyezimira ngati golide m'midzi ya kumadzulo kwa Ukraine ayenera kuti analemera zedi, ndipo ndikanakhala woweruza milandu ndikanamulipitsa. Tchalitchi cha mitengo chimene chinapirira chipale chofewa kwa zaka 200, chikupulumuka nkhondo ziwiri zikuluzikulu ndi ulamuliro wa Soviet Union, lero chikufa ndi chikondi cha eni ake. Akhristu asonkha ndalama, achibale amene ali pa ganyu ku Italy ndi ku Czechia atumiza zawo, agula malata ndi mapulasitiki, akuta tchalitchi chonse kuyambira pa mtanda mpaka pa maziko. Chikuwala ngati ketulo yatsopano. Ungowoloka malire kulowa ku Poland, matchalitchi a mtundu womwewo, omangidwa ndi makolo a anthu omwewo, akadali ndi madenga awo a timatabwa totuwa.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha ku Nyzhniy Verbizh, pafupi ndi Kolomyia. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika pa mndandanda wake matchalitchi a mitengo 16 a m'mapiri a Carpathian, 8 ku Poland ndi 8 ku Ukraine, ndipo cha ku Nyzhniy Verbizh ndi chimodzi mwa izo. Ndi tchalitchi cha Ahutsul, anthu a m'mapiri a kumeneko, chomangidwa mooneka ngati mtanda, cha nsonga zisanu, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Pita ukachione: kumwamba konse ndi chitsulo, chosindikizidwa maluwamaluwa kuti chikongole. Ngati tchalitchi chodziwika ndi dziko lonse chavala chonchi, nanga cha m'mudzi wa kuseri kwa phiri kumene woyendera wa boma safikako?

Ena amati nkhaniyi ndi ya maonekedwe chabe, ya anthu a m'tauni okonda kujambula zithunzi. Ayi ndithu. Matchalitchiwa anamangidwa ndi zipika zogonekedwa chimodzi pamwamba pa chinzake, zolumana m'makona mwa kusema, popanda msomali wozigwira. Chipika cha pansi penipeni nthawi zambiri ndi cha thundu, ndipo chimakhala pa miyala kuti chisakhudze dothi. Zapamwamba ndi za mitengo ya m'gulu la paini imene eni ake amati smereka ndi yalytsia. Pozungulira pamakhala kadenga kotsika ngati khonde, kotaya madzi a mvula kutali ndi zipika za m'munsi. Kuchokera pa kadengako kukwera m'mwamba, makoma ndi denga amafolera ndi timatabwa timene a ku Poland amati gont, a ku Ukraine amati hont.

Kathabwa kamodzi kamatalika masentimita 50 mpaka 60, m'lifupi ngati chikhatho. Mbali imodzi ndi yopyapyala ngati mpeni, inayo ndi yokhuthala ndipo ili ndi kangalande, kuti mpeni wa kathabwa kena ulowemo. Mzere uliwonse umaphimba mitu ya misomali ya mzere wa pansi pake. Chinsinsi chili pa kung'amba. Kathabwa kong'ambidwa ndi nkhwangwa kamatsata mitsempha ya mtengo, ndiye madzi amangotsetsereka. Kocheka ndi makina mitsempha yake imaduka, kamamwa madzi, kamapindika, ndipo kamaola msanga. Denga lotere limanyowa pa mvula, likauma pa dzuwa timatabwa timatsegukirana pang'ono, mphepo n'kulowa kukaumitsa zipika za kuseri. Tchalitchi chimapuma.

Tsono khomapo malata. Aliyense amene wagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'nyengo yozizira amadziwa madontho aja a m'bandakucha. Ku Carpathian kumazizira mpaka madzi kuuma, ndiye Lamlungu anthu 100 adzaza m'kati, akupuma, akuimba, makandulo akuyaka, mbaula yamagetsi ikutentha. Nthunzi yonseyo imadutsa m'mipata ya zipika, ikagunda chitsulo chozizira imasanduka madzi, ndipo madziwo alibe kotulukira. Amatsikira m'khoma mpaka pa chipika cha pansi. Kukabwera dzuwa, malata amatentha, m'kati mwake mumakhala mofunda ndi monyowa, malo okoma a chuku ndi tizilombo tofumbwa mitengo. Misomali imachita dzimbiri, bowo lililonse limasanduka njira ya madzi. Choipitsitsa n'chakuti palibe amene akuona. Denga la timatabwa likayamba kutha limadzionetsa lokha: kathabwa kagwa apa, ndere yamera apo, anthu n'kukonza. Malata amabisa zonse mpaka tsiku limene kona imodzi yatitimira ndipo chitseko chakana kutsekeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'kati namonso ndi chimodzimodzi. Akhoma mapulasitiki oyera kapena mabolodi pa zipika, apaka penti wa mafuta pa zithunzi zakale kuti nkhope za oyera mtima zioneke bwino, athira simenti kuzungulira maziko poganiza kuti akulimbitsa. Simentiyo ndi imene imasunga chinyontho pa chipika cha thundu chija chimene makolo anachikweza dala pa miyala.

Lamulo lilipo mbali zonse. Ukraine ili ndi lamulo loteteza zinthu zakale la mu 2000, ndipo pa khoma la tchalitchi chotetezedwa pamakhala chikwangwani chokhala ndi nambala. Koma chikwangwani sichiletsa makwerero. Ku Poland, tchalitchi chikalembedwa m'kaundula, wansembe sangasinthe ngakhale zenera popanda chilolezo cha mkulu woteteza zakale wa m'chigawo, ndipo pali thumba la boma ndi la European Union lothandiza kugula timatabwa ndi kulipira amisiri. Chigawo cha Małopolska chinatsegula msewu wa alendo wa nyumba zamitengo mu 2001, wokhala ndi malo oposa 250. Zikwangwani zofiirira zimakutsogolera kuchokera pa msewu waukulu, pa geti pali bolodi lofotokoza mbiri, ndipo m'miyezi yotentha ambiri mwa matchalitchi otchuka amakhala otsegula, munthu wofotokoza ali pomwepo. Ku Radruż, pamalire penipeni a Poland ndi Ukraine, tchalitchi cha Paraskeva Woyera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 chili ndi mpanda wake wa miyala, nsanja ya belu ndi manda a mitanda yosema, zonse zosamalidwa ndi myuziyamu ya ku Lubaczów. Ulowa, ulipira, uona. Palibe zofunafuna munthu wa kiyi.

Apa ndiye ndiyenera kubweza moto pang'ono, chifukwa a ku Poland akamanyadira madenga awo amadumpha tsamba limodzi. Matchalitchi amenewa sanamangidwe ndi Apolishi a mpingo wa Chiroma. Anamangidwa ndi Alemko ndi Aboyko, anthu a m'mapiri a Carpathian, ndi Aukraine a mipingo ya kum'mawa. Nkhondo yachiwiri itatha, ambiri anawakweza sitima kupita ku Soviet Union, ndipo mu 1947, pa ntchito ya asilikali yotchedwa Akcja Wisła, anthu pafupifupi 140,000 otsalawo anawasamutsira kumpoto ndi kumadzulo kwa Poland. Midzi inasanduka tchire. Matchalitchi ambiri a m'mapiri a Bieszczady, kum'mwera chakum'mawa kwa Poland, anaphwasulidwa, ena anasanduka nkhokwe za mafamu a boma, ena anangogwa okha. Ku Smolnik kuli tchalitchi cha Mikayeli Woyera cha mu 1791, chokongola, cha pa mndandanda wa UNESCO, chili chokhachokha pa kaphiri. Mudzi wake kulibe: anthu anachotsedwa mu 1951 pamene Poland ndi Soviet Union anasinthana malo. Cha ku Kwiatoń, cha ku Powroźnik ndi cha ku Brunary tsopano mumachitika Misa ya Chiroma. Ku Chotyniec ndi ku Turzańsk mipingo ya kum'mawa ikupempheramo ndithu, ku Owczary amagawana. Komabe kusunga denga la makolo n'kosavuta pamene palibe gogo wodandaula kuti akudonthedwa pa mpando wake.

Ndipo gogoyo ali ndi mfundo. Timatabwa timafuna kusintha pakatha zaka 25 kapena 30, mbali ya kumene kumachokera mvula imatha msanga kuposa pamenepo, amisiri odziwa kung'amba atsala owerengeka, ndipo denga limodzi limadya timatabwa masauzande ambiri. Malata ukhoma kamodzi, mwana wako adzawapeza. Anthu a kumadzulo kwa Ukraine mpingo wawo wa Greek Catholic unaletsedwa mu 1946 m'dera la Galicia ndi mu 1949 m'dera la Zakarpattia, matchalitchi ambiri anatsekedwa kapena kusandutsidwa mosungira katundu, ndipo anawabwezera cha m'ma 1989 ndi 1990 ali odontha. Munthu amene wadikira zaka 40 kuti alowenso m'nyumba ya Mulungu wake safuna kuti izioneka yaumphawi. Ndikumumvetsa. Koma malatawo akuolesabe tchalitchi chake.

Chimene chimanditsimikizira kuti a ku Ukraine angathe n'chakuti pamene achita bwino, a ku Poland safikako. Ku Potelych, makilomita osakwana 20 kuchokera ku Radruż, kuli tchalitchi cha Mzimu Woyera cha mu 1502, chimene amati chinamangidwa ndi oumba mbiya a m'mudzimo, ndipo pa zipika zake pali zithunzi za masautso a Yesu zojambulidwa m'zaka za m'ma 1600. Ku Drohobych, tchalitchi cha George Woyera, chimene mbiri ya m'tauniyo imati anachigula ku mudzi wa Nadiiv posinthanitsa ndi mchere, chajambulidwa m'kati monse mpaka ku nsonga, ndipo kunja ndi timatabwa tokhatokha. Ku Rohatyn kuli khoma la zithunzi zopatulika, lotchedwa ikonostasi, la mu 1650. Onani bwino: cha ku Drohobych ndi cha ku Rohatyn zili m'manja mwa mamyuziyamu. Koma ku Uzhok, pa mpata wa mapiri, tchalitchi chakuda bii cha mu 1745 chikadali cha mpingo, ndipo denga lake ndi la timatabwa, lotsika ngati nkhuku yofungatira anapiye. Ku Yasinia nakonso, kumene amasimba za mbusa Ivan Struk amene anasiya nkhosa zake m'chipale n'kudzazipeza zamoyo, tchalitchi cha mu 1824 sichinavale chitsulo.

Vuto la mlendo ku Ukraine ndi kiyi. Tsiku la pakati pa sabata upeza loko. Funsa pa sitolo kapena pa nyumba yoyandikana kuti palamar amakhala kuti, ndiye wosamalira tchalitchi, ndipo akapezeka usaiwale kuponya kanthu m'bokosi. Njira yosavuta ndi kufika Lamlungu m'mawa, amayi atafunda mpango kumutu, n'kudikira mwambo uthe. Ukamva kuimba kwa anthu a m'mudzi m'kati mwa zipika zimenezo, bolodi la zilankhulo zitatu la ku Poland umaliiwala.

Pali imfa ina yoposa ya malata. Mudzi ukapeza ndalama umamanga tchalitchi chatsopano cha njerwa pafupi pomwepo, chakale n'kuchitseka. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo lovumbwa ndi lakalelo. Kufupi ndi tauni ya Khust ku Zakarpattia kuli midzi ya Danylovo, Krainykovo, Sokyrnytsia ndi Oleksandrivka, ya matchalitchi a thundu okhala ndi nsanja zosongoka ngati mkondo, ofanana ndi a tsidya lina la mtsinje wa Tysa ku Maramureș, amene Romania inawalowetsa ku UNESCO kale mu 1999. A ku Romania amadzaza mabasi a alendo ndi awo. A ku Khust analipo asanu, koma cha ku Steblivka chinapsa mu 1994. Moto umachokera ku mawaya akale a magetsi okhomedwa pa mtengo wouma, ku kandulo yoiwalika, ku mphezi pamene palibe waya wotsitsira pansi. Pa moto pokha palibe wonyada: tchalitchi cha ku Medvedivtsi ku Zakarpattia chimene anachisamutsira ku Prague, likulu la Czechia, mu 1929 chinapsa komweko mu 2020, pakati pa mzinda wa ozimitsa moto ambirimbiri.

Za mamyuziyamu sindichulutsa. Ya panja ya ku Sanok ku Poland, yosonkhanitsa nyumba zakale zamitengo, yokhazikitsidwa mu 1958, ndi yaikulu ndi yaudongo, ndipo imaposa ya ku Uzhhorod ku Ukraine, ngakhale ya ku Uzhhorod ili ndi tchalitchi cha ku Shelestovo cha mu 1777 chimene chokha n'chokwanira ulendo. Ya ku Lviv ili ndi cha ku Kryvka cha mu 1763. Timamyuziyamu ta m'midzi ta ku Ukraine, ngati ta ku Kolochava, n'todzaza mpaka kusowa poponda, zolemba zake m'Chiyukireniya chokha, koma wofotokoza amadziwa mwini wa khasu lililonse. Slovakia ili pakatikati: matchalitchi ake 8 analowa ku UNESCO mu 2008, madenga ndi a timatabwa, ndipo pa chitseko nthawi zambiri pamakhala nambala ya foni ya wosunga kiyi, chinthu chosalira ndalama chimene a ku Ukraine akanatengera mawa lomwe.

Ndikudziwa kuti kuyambira mu February 2022, pamene Russia inaukira Ukraine, dzikolo lili ndi zazikulu zoganiza. Tchalitchi cha mitengo cha ku Viazivka, m'chigawo cha Zhytomyr, cha mu 1862, chinaphwanyidwa ndi mabomba m'mwezi wa March chaka chomwecho, amuna odziwa nkhwangwa ambiri ali ku nkhondo, ndipo ndalama za madenga palibe. Koma pali zimene sizifuna thumba la boma. Kuchotsa simenti ndi dothi zimene zakwirira chipika cha pansi. Kudula nthambi zogwetsera masamba pa denga. Kusiya mpata wa mphepo pansi ndi pamwamba ngati malata akhomedwa kale, ndi kukanganula limodzi kumbali ya kumpoto chaka chilichonse, n'kubaya chipika ndi msomali wautali. Msomaliwo ukalowa ndi dzanja lokha popanda nyundo, chipikacho chatha, ndipo tchalitchi chiyenera kunyamulidwa ndi majeki kuti alowetse china.